Mbande za mpunga zapinimbira: kodi ndi aluminiyamu, nanga silikoni angathandize?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota, kufupi ndi sikimu ya Bua. Alemba pa imelo kuti: "Chaka chino nazale yanga ya Kilombero ndinafesa pamtunda, poopa madzi osefukira. Mbande zinapinimbira, ndipo nditazula ndinapeza mizu yaifupi, yonenepa, yofiirira kunsonga. Koma mbali yomwe ndinkatayako phulusa la mankhusu zinakula bwino. Mwana wanga wa ku koleji akuti vuto ndi aluminiyamu ndipo mankhwala ake ndi silikoni. Ndikagule kuti?"

Mayi, zikomo kwambiri, makamaka chifukwa munazula mbande n'kuyang'ana mizu. Ambirife tikaona masamba achikasu timangothamangira yureya, pomwe vuto lili pansi.

Mizu yomwe mwafotokozayo ikufananadi ndi yovulazidwa ndi aluminiyamu. Ameneyu sachokera m'mapoto ayi, ali m'dothi lililonse, koma amakhala womangika m'dongo osavuta mbewu. Amamasuka dothi likachuluka asidi, pH (muyezo womwe umatsika asidi akachuluka m'dothi) ikatsika kupitirira 5.5, ndipo ikafika pansi pa 5 ndiye kuti zinthu zaipa. Akasungunuka amakakamira kunsonga kwa muzu, pomwe muzu umakulira, ndipo pakangotha maola ochepa muzuwo umasiya kutalika, umangofufuma. Mbande yotere siyifikira chinyezi chapansi. Komanso aluminiyamu amagwira fosiforasi, choncho NPK amene mwathira mbewu imangodyako pang'ono.

Mpunga umapirira aluminiyamu kuposa chimanga, mapira ndi tirigu. Ndiye mpunga ukafika podandaula, dothilo musalitenge mopepuka. Mawu akuti "pamtunda" m'kalata yanu ndi amene andigwira mtima. Munda ukamizidwa m'madzi, pakapita milungu ingapo pH imakwera yokha kuyandikira 7, aluminiyamu n'kumangikanso. N'chifukwa chake m'mapoloti a m'sikimu vutoli silioneka kawirikawiri. Kumeneko chovuta chimakhala ayironi, amene amafiiritsa masamba ngati dzimbiri. Nazale youma ilibe chitetezo cha madzichi.

Tsopano za silikoni, chimodzi mwa zakudya zomwe mbewu zimatenga m'dothi, zomwe ine zimandikhudza kwambiri. Mpunga umamudya kuposa nayitrojeni, moti akhoza kufika magawo 10 pa 100 a kulemera kwa mapesi ouma. Mukamachekedwa m'manja ndi masamba pomweta, kapena mankhusu akamakuyabwani popeta, ndi silikoniyo. Mizu imamuyamwa m'madzi n'kumutumiza m'masamba, komwe amauma kukhala kachikopa kolimba pansi pa khungu la tsamba. Phesi limalimba, mpunga sugwa wamba ndi mphepo ya mwera, mbozi zoboola phesi zimavutika kulowa, ndipo matenda a blast, oyambitsa madontho m'masamba a mpunga, amachepa mphamvu. Kwa ife olima Kilombero ndi Faya, mitundu yaitali yosachedwa kugona pansi, zimenezi si zazing'ono. Ku Japan anayamba kuthira silikoni m'minda ya mpunga m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 2006 katswiri wa sayansi Jian Feng Ma ndi anzake anapeza khomo la m'mizu lotchedwa Lsi1 lomwe silikoni amalowera.

Silikoni akakumana ndi aluminiyamu, m'dothi kapena m'muzu, amagwirana n'kupanga chinthu chosapweteka muzu kwambiri. Apa mwana wanu wanena zoona. Koma kuthetsa asidi m'dothi ndi ntchito ya laimu. Phulusa lanu lija linagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: linachepetsako asidi pamalo ochepawo, n'kuperekanso silikoni ndi potaziyamu.

Choncho, mayi, ndalama yanu isungeni. Pa thumba la mpunga wosapuntha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi mankhusu, ndipo phulusa lake pafupifupi lonse ndi silika, yemwe ndi silikoni wophatikizana ndi okosijeni. Zimandiwawa ndikadutsa pa zigayo n'kuona milu ya mankhusu ikufuka usiku ndi usana, kapena mapesi akutenthedwa m'munda, chifukwa ndi chakudya chomwe mpunga unatenga m'dothi ndipo sichikubwererako. Pemphani mankhusu kuchigayo, muwatenthe pang'onopang'ono mpaka ade ngati makala. Akayera ndi moto waukali, silika wake amauma ngati mchenga ndipo amachedwa kusungunuka. Aawisi musawasakanize m'nazale, amalanda nayitrojeni pamene akuwola. Ayambe alowa mu kompositi. Feteleza wa sulphate of ammonia amawonjezera asidi, pamalo amenewo musamuthire.

Chotsimikizira chenicheni ndi kuyeza dothi. Lankhulani ndi alangizi a dera lanu za kuyezetsa. Ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, ku Lilongwe, amayeza dothi, ndipo ku Lifuwu, ku Salima, kuli akatswiri a mpunga. Muyezo ndi umene unganene kuchuluka kwa laimu, ndipo amathiridwa milungu ingapo musanafese kuti alowerere.

Chaka chamawa, ngati madzi alola, nazale itsikire kumunsi. Pamtunda pomwepo konzaninso mabedi awiri ang'onoang'ono, lina la makala a mankhusu, lina lopanda kanthu. Pakatha masiku 14 zulani mbande khumi pa bedi lililonse, muziyale pa pepala, muyeze mizu ndi rula ya mwana wa sukulu. Chithunzi chake munditumizire pa imelo yomweyi.