Kabotolo ka 100 ml si mphatso: yankho kwa achimwene ofuna kuyamba geni ya zotsukira galimoto

Achimwene, uthenga wanu ndauona usiku nditangotsika basi pa Dedza, miyendo itatupa ndi ulendo. Mwafunsa zinthu ziwiri: kuti timabotolo ting'onoting'ono timene mumationa pa status yanga ya WhatsApp ndimatigulitsa bwanji osaluza, komanso kuti mtengo wa phukusi la shampu, polishi wa matayala ndi zinazo ndimauwerengera motani. Mwatinso mwapeza kampamba ndipo mukufuna kuyesa ulendo umodzi wa ku Joni. Ndikuyankhani mwachifatse, chifukwa ine ndinayamba popanda wondiuza, ndipo sindikufuna kuti ndalama zanu zipite mmene zinapitira zanga.

Tiyambire pa msewu, poti mtengo wa kabotolo umayambira kumeneko. Katundu ndimakapikula ku Johannesburg. Pobwera basi imatulukira pa Beitbridge, kudutsa Harare, kulowa m'Mozambique pa Nyamapanda ndi Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako kukwera zitunda za ku Angonia mpaka pa Calomue, n'kulowa kwathu pa boda ya Dedza. Maboda atatu, masiku pafupifupi awiri uli pampando. Katundu m'basi amalipiritsa poona kulemera ndi malo amene watenga, ndipo lita imodzi ya mankhwalawa imalemera pafupifupi kilo. N'chifukwa chake ine sindinyamula shampu wothira kale madzi. Ndimagula wokhathamira wa m'zigubu za malita 5, uja umangotapa pang'ono n'kuthira m'ndowa. Madzi kuno ku Dedza alipo, palibe chifukwa choti ndiwalipirire malo m'basi kuchokera ku Joni.

Pa boda musabise kanthu, ndipo malisiti onse muwasunge m'thumba limodzi. A MRA amawerengera msonkho pa mtengo umene munagulira, ndiye ngati mulibe lisiti mumakhala kuti mwadzimana pakamwa. Dziwaninso ichi: chikalata cha SADC chosonyeza kumene katundu anapangidwira chimathandiza pa zinthu zopangidwa m'chigawo chathu chino, monga za Shield zimene ndi za ku South Africa komweko. Koma Sonax ndi wa ku Germany, Meguiar's ndi Turtle Wax ndi mayina a ku America. Kugula botolo m'sitolo ya ku Johannesburg sikulisandutsa kukhala lopangidwa ku South Africa. Werengani kumbuyo kwa botolo musanalipire, ndipo za msonkho wake mufunsiretu ku ofesi ya pa boda musananyamuke.

Tsopano ku funso lanu lenileni.

Ndikafika kunyumba sinditsegula chigubu ndisanatsegule kope. Ndimalemba zonse: ndalama yogulira, yonyamulira, msonkho, ndiponso gawo la tikiti yanga ndi chakudya cha panjira. Anzathu ambiri tikiti amaiiwala ngati kuti basi anakwera ulere. Kuti masamu aphweke, tiyerekeze kuti chigubu cha malita 5 chafika pakhomo panga chitadya K100,000. Mukagawa ndiye K20 pa ml imodzi. Koma simudzagulitsa ml zonse 5,000. Zina zimakakamira m'chigubu, zina zimatsalira mu fanelo, zina zimadontha. Ine ndimawerengera 4,800, ndiye ml imodzi imakhala pafupifupi K21.

Kabotolo ka 100 ml ndiye kuti mankhwala ake ndi K2,100. Onjezani kabotoloko, chitsekero chake ndi kapepala komata, tinene K700. Kafika pa K2,800, ndipo ndingakagulitse K4,500. Botolo la 500 ml mankhwala ake ndi K10,500, botolo ndi pepala K1,000, zonse K11,500, ndipo ndingaligulitse K16,000. Onetsetsani apa: wogula lalikulu akulipira K3,200 pa 100 ml iliyonse, pamene wogula kakang'ono akulipira K4,500. Kusiyana kumeneku n'kofunika, ndipo si kuba. Inu ndi ine takula tikugula walkman wa ufa ndi mafuta ophikira a m'timapepala ta pulasitiki. Aliyense amadziwa kuti thumba lathunthu limatchipa kuposa kugula pang'onopang'ono, koma tsiku limene m'thumba muli zochepa, walkman ndi amene amakugoneka utadya. Wogulitsa walkman amalipiritsa kapepala, ntchito yoyeza ndi ufa wotayikira pansi. Nafenso ndi chimodzimodzi. Mukatchipitsa kakang'ono mpaka kufanana ndi lalikulu, palibe adzagule lalikulu, ndipo mudzatha masiku mukuthira timabotolo phindu lake likuthera ku zitsekero.

Za kukula kwa sampulo, kabotolo koyesera kaja, ndiye ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa apa ndi pamene ndinalakwitsa kawiri konse. Poyamba ndinkathira 20 ml, kongokwana kutsuka kamodzi. Munthu amapita nako, kutsuka galimoto masana dzuwa lili pamutu, ndi madzi a pamjigo, thovu n'kuumira pa penti, galimoto n'kutsala ndi madontho oyera. Mawa lake uthenga: mankhwala anu ndi abodza. Alibe kena koti ayesenso mumthunzi nditamulangiza. Nditaona choncho ndinalumphira ku 250 ml, ndiye vuto linakhala lina. Munthu wa galimoto imodzi amene amatsuka Loweruka lokha amatha miyezi iwiri ndi theka asanalimalize, ndipo pofika nthawi imeneyo nambala yanga anaiiwala kalekale. Shampu amene ndimaoda ine amafuna pafupifupi 25 ml m'ndowa ya malita 10, choncho 100 ml imatsuka kanayi. Kanayi ndi mwezi umodzi. Munthu amakhala waona kusiyana kwake ndi sopo waufa uja amathethetsa penti, mnzake wa kuntchito wamufunsa kale chimene akugwiritsa ntchito, ndipo kabotolo kakutha pamene malipiro akulowa. Polishi wa matayala ndi wa dashibodi ndimathiranso 100 ml. Wax yekha ndi amene ndimaika m'kachitini ka 30 ml, chifukwa amapakidwa mopyapyala kwambiri, ndipo kachitini kameneko kamakwana Vitz kapena Sienta yonse ngati munthu sakumata ngati matope a pakhoma.

Sampulo sindiperekanso ulere. Ulendo wanga wachiwiri ndinagawa timabotolo tambiri pa siteji ndi kwa anzanga a ku tchalitchi, ndikuganiza kuti ndikufesa. Amene anabwera kudzagula anali owerengeka pa dzanja limodzi. Chinthu chaulere munthu amachiponya mu buti n'kuchiiwala, kapena kupatsa mwana kuti atsukire njinga. Amene walipira, ngakhale pang'ono, amawerenga kapepala ndipo amatsatira. Chimene ndimachita tsopano n'chakuti munthu akagula sampulo n'kubweranso mwezi usanathe kudzatenga botolo lalikulu, ndimamuchotserako theka la ndalama ya sampuloyo. Amakondwa, ndipo ine sindinaluze kanthu.

Pali zinthu zosagawika, musazikakamize. Za sipulei zokhala ndi mpweya m'kati simungazitsegule. Ceramic coating, mankhwala aja amaumira pa penti n'kuiteteza, imabwera kale m'timabotolo ta 30 ml kapena 50 ml, ndipo ikakumana ndi mpweya imayamba kuuma, ndiye imagulitsidwa yosatsegula basi.

Ndiye mabotolo. Chonde achimwene, musadzathire mankhwalawa m'botolo la madzi akumwa kapena la chakumwa chozizira, ngakhale mutalipeza ulere. Shampu wapinki kapena wobiriwira m'botolo lotero, mwana wamng'ono amangoona ngati juwisi. Nkhani imeneyi imandiopsa kuposa kuluza ndalama. Gulani mabotolo atsopano a pulasitiki yolimba, aja pansi pake pamalembedwa HDPE ndi nambala 2, okhala ndi kachitsekero kam'kati. Ine ndinaphunzira nditatumiza polishi wa matayala ku Lilongwe m'botolo lopyapyala. Linafinyika pansi pa katundu wina m'minibasi, n'kutayikira pa chikwama cha zovala cha mayi wina amene sindinamuonepo. Ndinalipira zovalazo, ndipo kasitomala wanga ndinamutumiziranso lina. Pa kapepala lembani dzina la mankhwala, mlingo wothira m'madzi, tsiku limene mwathira, nambala yanu, ndi mawu akuti asungidwe kutali ndi ana. Munene poyera kuti ndi zogawa kuchokera m'chigubu chachikulu. Ine ndimajambula kavidiyo ndikutsegula chigubu chomata, kuyeza ndi sirinji yaikulu n'kuthira, ndiye ndimakaika pa Facebook. Pa intaneti munthu sangagwire botolo kapena kulinunkhiza, ndipo ambiri anapusitsidwapo ndi mankhwala osukulutsa ndi madzi. Kavidiyo kameneko kamandigulitsira kuposa chithunzi chilichonse cha galimoto yonyezimira.

Phukusi, lija anzathu pa Facebook amati combo, ndi pamene pali phindu lenileni. Chifukwa chake n'chosavuta. Makasitomala anga ambiri ali ku Lilongwe, makilomita oposa 80 kuchokera pano, ena ku Ntcheu, Balaka ndi Blantyre. Yotumizira kabotolo kamodzi ndi yotumizira kabokosi ka zinthu zinayi sizisiyana kwenikweni. Ulendo wanga wopita kukapereka katundu kwa kondakitala ndi umodzi, kuimba foni ndi kumodzi, kukatapa ndalama kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba ndi kamodzi. Ndiye ndi bwino munthu atenge zambiri nthawi imodzi.

Tipitirize ndi manambala ongoyerekeza aja. Shampu wa 500 ml wandidyera K11,500, ndimagulitsa K16,000. Polishi wa matayala wa 250 ml wandidyera K7,000, ndimagulitsa K11,000. Wa dashibodi wa 250 ml wandidyera K6,000, ndimagulitsa K10,000. Kansalu ka microfibre kandidyera K1,500, pakokha ndimagulitsa K4,000. Zonse pamodzi mtengo wake ndi K41,000, pamene ine ndalowetsa K26,000. Phukusi ndimaliika pa K37,000, ndipo ndimanena kuti kansalu n'kabasera. Phindu langa ndi K11,000. Munthu yemweyo akanangotenga shampu yekha ndikanapeza K4,500.

Muone chifukwa chimene ndimasankhira kansalu kukhala basera osati kudula mtengo wa shampu. Anthu ambiri kansalu sagula pakokha, amapukutira sikipa yakutha, imene imakanda penti chifukwa cha mchenga wa fumbi lathu lino. Ndikawapatsa, iwo alandira chinthu cha K4,000 chimene ine chandidyera K1,500, galimoto yawo iwala bwino, ndipo ulemu upita kwa mankhwala anga. Koma mukangodula mtengo wa shampu kamodzi, mwezi wamawa munthu adzanenerera kuchokera pa mtengo wodulawo. Amayi ogulitsa tomato pa Lizulu amazidziwa bwino izi. Mulu mtengo wake susintha, koma mukagula milu itatu amakuponyerani awiri apamwamba.

Musaike m'phukusi chinthu chimene chakanika kuyenda pongofuna kuti chichoke pa shelefu. Kasitomala amazindikira, ndipo amakufunsani kuti muchichotse n'kumuchotsera ndalama yake. Ikani zinthu zimene munthu amazigwiritsa ntchito tsiku limodzi, pa kutsuka kumodzi, zothanso nthawi yofanana kuti adzabwerere phukusi lonse. Wax ine sindimuika m'phukusi la nthawi zonse, chifukwa amapakidwa patapita miyezi. Ndiponso si aliyense wofuna phukusi. Anyamata a pa car wash amafuna chigubu chathunthu cha shampu ndi cha polishi wa matayala, phindu pa lita n'lochepa koma ndalama imabwera yonse nthawi imodzi. A kabaza a njinga zamoto amatenga timabotolo ta 100 ml mwezi ndi mwezi, lalikulu salifuna n'komwe, ndipo ine ndimawalemekeza chifukwa salephera kubwera. Phukusi ndi la munthu wa pa ofesi amene amakonda galimoto yake.

Chomaliza chimene chinandiwawa kwambiri. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu May 2022. Mu November 2023 momwemo ndinali nditangotsala pang'ono kumaliza katundu, nditagulitsa maphukusi pa mtengo wakale ndikuona ngati ndapindula. Nditapita kukafuna marandi a ulendo wina, ndalama yonse, mpamba ndi phindu lomwe, sinakwane kugula zigubu zimene ndinagula ulendo wapitawo. Kuyambira pamenepo ml imodzi ndimaiwerengera pa mtengo umene ndidzagulire chigubu chotsatira, osati chimene chili m'nyumba. Pa zithunzi za maphukusi sindilembapo mtengo, ndimaulemba m'munsi momwe ndingausinthe, ndipo ngongole ya phukusi sindipereka.

Ulendo woyamba musatenge mitundu yambiri. Zigubu ziwiri za shampu, chimodzi cha polishi wa matayala, chimodzi cha dashibodi, mtolo wa tinsalu ndi mabotolo opanda kanthu zikukwanirani kuti muone amene akugula kwanuko. Loweruka likubwerali ndikhala ndikuthira katundu amene ndabwera nayeyu kuyambira m'mawa. Mukapeza mpata bwerani ndi kope lanu ndi cholembera, tidzayeze limodzi chigubu chimodzi mpaka pansi, muone nokha kuti mumatuluka timabotolo tingati.