Kachotupa pamalo obayira: pasiyeni, muzisintha malo

Mayi, mwati mumadzibaya insulin kawiri pa tsiku, adokotala akuwonjezerani Ozempic, mankhwala enanso obaya a matenda a shuga, ya kamodzi pa sabata, ndipo pafupi ndi mchombo patuluka kachotupa kolimba kosapweteka. Mukufunsa ngati mupitirize kubaya pomwepo.

Ayi, pasiyeni. Kachotupako ndi mafuta a pansi pa khungu amene akhuthala chifukwa insulin yakhala ikulowa malo amodzimodzi. Kuchipatala amati lipohypertrophy. Kuipa kwake n'kwakuti pamalo potero singano sipweteka, ndiye munthu amangobwererapo. Koma mankhwala obayidwa pamenepo salowa m'magazi mofanana. Lero shuga wakwera, mawa watsika mwadzidzidzi, chonsecho mlingo ndi womwewo. Pamatenga miyezi kuti pabwerere mwakale.

Apa mumvetsetse bwino: mukasamukira pakhungu labwinobwino, insulin yomweyo imagwira ntchito mwamphamvu kuposa momwe munazolowerera, ndipo shuga atha kutsika kwambiri. Musanasinthe, kaonaneni ndi anamwino kapena adokotala kukiliniki ya shuga kuti aone ngati mlingo utsike. Masiku oyambawo muziyeza shuga pafupipafupi, maswiti kapena shuga wa m'tiyi akhale pafupi.

Malo obaya ndi pamimba, kutsogolo ndi chakunja kwa ntchafu, komanso kuseri kwa mkono pakati pa phewa ndi chigongono. Pamkono m'povuta kudzibaya nokha, singano imatha kufika mumnofu, ndiye ngati palibe wokuthandizani pasiyeni.

Mimba muigawe panayi, mchombo ukhale pakati. Sabata yonse bayani chigawo chimodzi, yotsatira pitani china, kuzungulira ngati wotchi, kuti chigawo chilichonse chizipuma masabata atatu. Mchombo muutalikire masentimita 5, pafupifupi zala zitatu. M'kati mwa chigawocho, jakisoni aliyense atalikirane ndi wam'mbuyo sentimita 1, kukula kwa chala chimodzi. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amasintha kumanja ndi kumanzere, koma mbali iliyonse akubaya kadontho komweko. Kumeneko sikusintha malo. Zipsera, mikwingwirima ndi pamene pali kachotupa muzipalambalala, ndipo musanabaye yambani mwapapasa khungu ndi zala, poti zotupa zina sizioneka ndi maso.

Ozempic ndi insulin musazisakanize m'sirinji imodzi, ndipo musazibaye moyandikana. Chophweka n'kusiyira Ozempic ntchafu, sabata ino yakumanzere, yamawa yakumanja, n'kumalemba pakalendala. Amene akubaya Wegovy kapena Mounjaro pofuna kuchepetsa thupi achitenso chimodzimodzi.

Singano ikhale yatsopano nthawi iliyonse. N'zoona kuti masirinji amasowa ndipo anthu amabwereza, koma singano yobuntha imang'amba khungu ndipo imakolezera zotupazi. Singano ya mamilimita 4 ya peni (chobayira chooneka ngati cholembera) akuluakulu ambiri amangobaya choongoka osatsina khungu. Ya sirinji ndi yaitali, choncho nyamulani khungu ndi chala chachikulu ndi ziwiri zoyandikana nacho, osafinya mnofu. Nambala yosonyeza mlingo pa peni ikafika pa 0 musazule msanga: werengani pang'onopang'ono mpaka 6 pa Ozempic, mpaka 10 pa insulin, apo ayi mankhwala ena amatsalira kunja. Mukazula musatikite.

Kufiira pang'ono kapena kuyabwa kumatha pakokha. Koma pakatentha, pakatupa mopweteka kapena kutuluka mafinya, chimenecho si chotupa cha mafuta ayi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.