Musagulitse mbuzi chifukwa cha njinga, achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Tsangano amene akugwira ntchito ku Moatize. Akuti anzawo a kuntchito akukonza ulendo wa njinga wa tsiku limodzi, kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Ulongué, makilomita opitirira 200. Iwo alembetsa, koma njinga yawo ndi yachitsulo, ya kaliyala, ya giya imodzi. Ndiye akufunsa kuti atenge ngongole agule njinga ya mpikisano, kapena angodzichotsa pa mndandanda kuopa kukachita manyazi?

Achimwene, mawu akuti manyazi aja ndi amene andikhazika pansi usiku uno. Ine manyazi omwewo anandidyera mbuzi zitatu.

Ndinakulira kumudzi kufupi ndi Ulongué, ndipo njinga ndinaidziwa ndisanadziwe nsapato. Bambo anali ndi Humber yakuda imene sankalola munthu kuikhudza belu lokha. Ndinaphunzirira pomwepo mobera, mwendo nditaulowetsa pansi pa mtanda chifukwa pa chishalo sindinkafikapo. Nditakula pang'ono ndinkamangirira matumba awiri a mbatatesi pa kaliyala n'kulowera kumsika wa m'malire, kuzizira kwa Juni kukuluma zala, pokwera phiri n'kumakankha, potsika n'kumapemphera kuti mabuleki agwire. Nthawi imeneyo palibe amene anandiuza kuti zimenezo ndi masewera. Inali ntchito basi.

Nditasamukira ku Tete ndinayamba kuona anthu ena Lamlungu m'mamawa akuwoloka mlatho wa Samora Machel pa njinga zopyapyala ngati udzudzu, atavala zothina, zipewa zolimba kumutu, magalasi akuda dzuwa lisanatuluke n'komwe. Ndinasirira. Tsiku lina ndinawatsatira pa njinga yanga yachitsulo, ndipo titaima pa Matema mmodzi anandifunsa moseka kuti, "Achimwene, makala mwatula kuti?" Onse anaseka, ine ndinaseka nawo, koma kunyumba nsima sinatsike. Mwezi usanathe ndinaimbira foni kumudzi kuti agulitse mbuzi zitatu, ndinakongolanso kwa mlamu wanga, n'kugula njinga ya mpikisano yogwiritsidwapo kale, ya matayala opyapyala ngati chala, mahandulo opindikira pansi. Mayi akunyumba anangoiyang'ana n'kufunsa kuti thumba la ufa lizikhala pati. Sindinawayankhe.

Patangotha masabata atatu panali ulendo wochokera ku Tete kukafika pa Zóbuè, pamalire ndi Malawi, makilomita pafupifupi 120. Unali mwezi wa Okutobala. Amene anakhalako ku Tete mu Okutobala akudziwa: kutentha kumadutsa madigiri 40, phula limafewa, mbuzi zimene zimabisala pansi pa malole oimikidwa. Tinagwirizana zonyamuka nkhuku zikulira. Tinanyamuka cha m'ma 7 koloko, chifukwa tinkadikira bwana wina woti alankhule mawu otsegulira, ndipo atafika analankhula ngati ali pa msonkhano wa chipani. Maola awiri ozizira, abwino kwambiri pa tsiku lonselo, tinawathera titaimirira tikuwomba m'manja. Mpaka lero ndikamva kuti pa ulendo wa njinga pali mlendo wolemekezeka, mtima umandiwawa.

Titanyamuka ndinaika m'mutu chinthu chimodzi, choti uja anandiseka za makala uja andione msana. Tinawoloka Zambezi, tinawoloka Revúbuè, tinadutsa Moatize fumbi la malasha likulowa m'mano, ine ndili m'gulu lakutsogolo, mtima ukugunda kukhosi koma nkhope ndikuionetsa ngati sindikumva kanthu. M'mimba munali tiyi ndi pau (buledi) mmodzi. Madzi ndinali ndi botolo limodzi, poti anatilonjeza galimoto yonyamula madzi yoyenda nafe. Galimotoyo inatsatira anthu asanu othamanga kwambiri, ndipo ndinadzaionanso madzulo.

Chimene sindinkadziwa n'choti thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi wokwanira ola limodzi ndi theka kapena maola awiri a kupalasa mwamphamvu. Akatha, watha. Sikutopa kumene timakudziwa kwa kumunda, koti ukapuma pang'ono umadzukanso n'kugwira khasu. Miyendo imangosanduka thonje, maso amaona tinyenyezi, ndipo umayamba kukwiyira zinthu zosalakwa. Ine ndinakwiyira mwana wina amene anandibayibitsa m'mbali mwa msewu. Chishalo chatsopano chija chinali chitandisupula, khosi litauma chifukwa chowerama kumene thupi langa silinazolowere. Gulu linandisiya osacheuka. Nditadutsa Caphiridzange, paja tankala ya mafuta inaphulika mu Novembala 2016 n'kupha anthu ambirimbiri, ndinagwera m'dzenje la pamsewu pozemba lole, chubu chakumbuyo n'kuphulika.

Apa mpamene njinga yodula inandionetsa khalidwe lake. Ndinaikankha mpaka pa okonza njinga pansi pa mtengo. Bambowo anaitembenuza, anaiyang'ana, n'kupukusa mutu. Machubu amene anali nawo anali a njinga zathu zija za kumudzi, akuluakulu, osalowa m'tayala langa, ndipo pampu yawo sinkagwira pa valavu yanga yopyapyala. Njinga ya mbuzi zitatu inalephera kuthandizika pamalo pamene Humber ya bambo ikanakonzedwa mphindi khumi ndi ndalama ya sopo.

Ndinakhala pansi pa mlambe, ndipo mlambe mu Okutobala mukuudziwa, masamba ulibe, mthunzi wake ndi wa thunthu lokha. Ndinayamba kumva kuzizira dzuwa lili pamutu. Pano ndikudziwa kuti chimenecho ndi chizindikiro choopsa, choti thupi likulephera kudziziziritsa, koma tsikulo ndinkangodabwa. Ndiye panatulukira mdala wina pa njinga yachitsulo yopanda belu, pedulo imodzi chitsulo chokhachokha, matumba opanda kanthu atawamanga pa kaliyala. Ankachokera kogulitsa makala. Makala enieniwo! Anaima, anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kunena kuti, "Mwanawe, wadya?" Sanafunse za njinga. Anamasula chigubu cha thobwa, anandipatsa mbatata yootcha ziwiri ndi mchere wa m'kapepala, anandithira madzi m'khosi ndi pamutu, n'kukhala nane mpaka maso anga atabwerera m'malo. Anandiuza kuti iwo amanyamuka usiku ndi matumba atatu, amatula dzuwa lisanakwere, ndipo sadutsa pa chitsime osamwa ngakhale asakumva ludzu. Chubu chija anachimata ndi chigamba chawo, pampu inapezeka kwa mnzathu wina amene ankabwera m'mbuyo mwapang'onopang'ono, mkulu wa imvi amene m'mawa tonse tinkamuona ngati wabwera kudzaperekeza. Iyeyo anakafika pa Zóbuè. Ine ndinakafika pa chapa, minibasi zathu zija, njinga ili padenga.

Ndiye ndinene mosabisa, ndipo amene akwiye akwiye. Opalasa njinga enieni a chigawo chino si ife ovala zothina. Ndi a makala, a mbatatesi a ku Angónia ndi ku Tsangano, a kabaza onyamula mayi ndi mwana ndi dengu pa njinga imodzi. Amenewo amapalasa sabata ndi sabata mitunda imene ife timaijambula n'kuika pa Facebook ngati tawoloka nyanja. Munthu amene amaseka njinga ya kaliyala sanakwezepo makilogalamu 100 pa chitunda. Ndipo inu achimwene, ngati munakulira ku Tsangano mukupalasa m'mapiri aja, miyendo muli nayo kale kuposa theka la anthu amene mukuwachitira manyaziwo.

Mwina muziti ndikudzitonthoza poti ndinalephera. Imvani iyi. Ku France kuli ulendo wotchedwa Paris–Brest–Paris, wa makilomita 1,200, umene unayamba mu 1891 ndipo masiku ano umachitika zaka zinayi zilizonse, wa anthu wamba, osati olipidwa. Woyamba kupambana, Charles Terront, anamaliza m'masiku atatu osakwana bwino pa njinga yolemera makilogalamu opitirira 20, m'misewu yoipa kuposa yathuyi. Njingayo inali Humber. Nditamva zimenezi ndinaseka ndekha ngati wamisala, kukumbukira bambo akupukuta yawo ndi kansanza Loweruka madzulo. Amene akufuna kukalowa ulendo umenewu amayamba amaliza maulendo a makilomita 200, 300, 400 ndi 600, ndipo wa 200 amaupatsa maola 13 ndi theka. Werengani nokha: ndi makilomita pafupifupi 15 pa ola, kuphatikizapo kuima, kudya ndi kukodza. Limenelo si liwiro la mpikisano. Ndi liwiro la munthu wopita kuchigayo amene sakufuna kupeza mzere.

Komabe ndisakunamizeni pofuna kupambana mkangano. Pali chinthu chimodzi chimene njinga yanu ikusowadi, ndicho magiya. Mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, Ulongué ili pamwamba, kusiyana kwake kumadutsa mamita 1,000, ndipo zitunda zambiri zikukudikirani kumapeto, mutatopa kale, mukakhota pa Mussacama kusiya msewu wa ku Zóbuè. Ndi giya imodzi mudzatsika n'kumakankha kangapo. Kukankha si tchimo, koma kumadya nthawi ndi mawondo.

Za madzi ndi chakudya

Musadikire ludzu, musadikire njala. Botolo la theka la lita lizitha pa ola, kukatentha liziposa apo, ndipo madzi okhaokha sakwanira poti thukuta limatuluka ndi mchere. Mu lita imodzi thirani timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, monga timachitira mwana akatsegula m'mimba. Muzidya kanthu theka la ola lililonse kuyambira ola loyamba: nthochi, mbatata, pau wa shuga, mtedza wothira mchere. Timapaketi todula timene anzanu amafinyira m'kamwa ndi shuga yemweyo wovala suti. Masau ndimawakonda, nyengo yake ikakwana sindidutsa pa mayi wogulitsa m'mbali mwa msewu osaima, koma musawayese pa tsiku la ulendo ngati mimba yanu sinawazolowere; zina sindinena pano. Ndipo kanyenya wa mbuzi, ngakhale fungo likuitaneni ndi dzina, muzamudye mukafika.

Kaliyala imene mukuichitira manyaziyo musaichotse. Mangiranipo chigubu cha malita awiri kapena atatu, ndipo galimoto ya madzi muziiona ngati mphatso ikapezeka.

Za malole

Msewu wa N7, wochokera ku Tete kupita ku Zóbuè, si wathu tokha. Ndi umene amadutsa malole a ku Malawi opita ku Beira, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, matankala a mafuta, mabasi, ndi machapa amene amaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Lole ikamakudutsa imayamba yakukankha ndi mphepo kenako n'kukukoka. Khalani kumanzere kwenikweni, mukamva hutala tsikani m'fumbi osachita makani, ndipo apa njinga yanu ya matayala onenepa ikuposa yanga ija, imene ikangoponda mchenga imavina. Valani chowala, mangani tochi kutsogolo ndi kofiira kumbuyo, chifukwa mdima mudzaupeza kuwiri, m'mawa ndi madzulo. Chipewa cholimba chokhacho ndiye gulani, pamenepo sindikunyengererani.

Ndinaiwala kufunsa kuti ulendowu ndi wa mwezi uti. Ngati ndi Okutobala kapena Novembala, kauzeni okonzawo kuti wina wake amene anagonapo pansi pa mlambe akuti asinthe. Juni kapena Julayi ndiye nyengo yake, koma mutenge juzi, poti mudzanyamuka kotentha n'kukafika kwathu kumene madzulo mano amaombana. Mukudziwa kale inu a ku Tsangano, sindingakuphunzitseni kuzizira.

Tsono yankho lanu ndi ili. Ngongole ayi. Kudzichotsa ayi. Ngati m'thumba muli kangachepe, funani njinga ya kaunjika ya magiya, ya matayala onenepa, yoti okonza a pansi pa mtengo angaidziwe, ndipo muigule kudakali miyezi iwiri, osati masabata atatu ngati ine. Ngati mulibe, pitani ndi yanuyo: auzeni amisiri akuikireni sipuloketi yokulirapo kumbuyo kuti zitunda zipepuke, tcheni ndi mabuleki zikhale zatsopano, masipoko akungidwe, chishalo chikwere mpaka mwendo uziwongoka mukaponda pedulo ndi chidendene. Tengani chubu chapadera, zigamba, guluu ndi pampu yanu. Lamlungu lililonse onjezerani mtunda, 50, 70, 90, mpaka mudzakwanitse 140 kamodzi, kenako sabata yomaliza mupume. Pa tsikulo, maola awiri oyambirira palasani liwiro loti mukhoza kucheza ndi mnzanu osapuma wefuwefu, ndipo othamanga akakusiyani pa Moatize asiyeni apite.

Njinga yanga ya mpikisano ija ilipo, ili pakhoma, ana amayanikapo mataulo. Mlamu ndinamaliza kumubweza chaka chotsatira. Mayi kumudzi sanaiwalebe za mbuzi zija, makamaka yaikazi ya mawanga, imene akuti inali ndi bere.