Za Juniyo ndi mabuku ake oyambira kumbuyo aja

Eee achemwali, mwaswera bwanji kumeneko, meseji yanu ndaiona pagulupu koma zotaipa ndi zala zangazi ayi, ndingolankhula basi. Mukuti Juniyo akumangokhalira mabuku a makatuni, ndiye chakuopsani kwambiri nchoti akumayambira kumapeto kwa buku, mukufunsa ngati mumulande poti chaka chino ali sitandade 8. Hahaha ayi achemwali, mwanayo mutu wake ukugwira bwinobwino.

Chithunzi mwatumizacho ndachiona, imeneyo ndi manga, makomiki a ku Japan. Kumeneko mabuku oterewa amawerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndiye akamawamasulira m'Chingerezi amangowasiya choncho kuti zojambula zisatembenuke, munthu wamanjamanja asasanduke wamanzere. Moti ambiri mwa mabukuwa mukatsegula mbali imene ife tinazolowerayi mupeza tsamba lokuuzani kuti imani kaye, uku nkumapeto. Tatsegulani muone. Ngakhale timabokosi ta patsambapo amayambira ka pamwamba kumanja nkumatsika, ine tsiku loyamba ndinasokonezeka zedi, munthu akuyankha funso lomwe sanafunsidwe.

Komatu inu mwaiwala? Loweruka bambo akabwera ndi Malawi News, si inu nomwe munkandilanda kuti muyambe mwaona katuni ya Pewani? Ine Chingerezi changa chochepachi theka ndinachitola m'nkhani za makatuni za Tintin kulaibulale, zija za ku Belgium zinayamba 1929 zija, mawu ondivuta ndinkangoyang'ana nkhope ya munthuyo nkudziwa kuti apa wakwiya, apa akunama, osatsegula dikishonale. Ngakhale buku la Tintin lija la ku Congo, mmene anatijambulira anthu akudafe, ndinadzakwiya nditakula, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndiye musamati akungoona zithunzi. Tengani Supa Strikas ya kuno ku South Africa ija, ya mpira. Kabokosi koyamba goloboyi wadumpha manja ali m'mwamba, kachiwiri masapota agwira kumutu kukamwa yasa. Mpira kulowa muukonde sanakuonetseni, koma mwadziwa kuti chalowa. Wachinyitsa ndani? Ndi inuyo owerenga, pa kampata koyera kaja ka pakati pa mabokosi awiriwo. Mwanayo tsamba lililonse akuchita zimenezo, akulumikiza yekha, akuwerenga mawu, akuwerenga nkhope, zonse nthawi imodzi. Pa komprihenshoni aphunzitsi amafunanso chani ngati si chomwecho? Ndipo si za ana zokha, pali lina lotchedwa Maus, la nkhani ya Ayuda nthawi ya Hitler, Ayuda anawajambula ngati mbewa, a Nazi ngati amphaka, linapata mphoto yaikulu ya ku America ya Pulitzer mu 1992. Limenelo ine ndinaliwerenga usiku umodzi tulo osabweranso.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa. Manga si onse a ana, ena muli magazi, ena muli zolaula zenizeni, kunja kukuoneka kakatuni kamaso akuluakulu kosalakwa. Ndiye yang'anani pachikuto, nthawi zambiri amaika kachilembo, T ndi a achinyamata, mukaona M ameneyo ndi wa akuluakulu, bwezani komwe wabwereka. Komanso zija amawerenga pafoni usiku atafunda bulangeti, kumasayiti aulere aja kumatulukira zotsatsa zonyansa, bandulo nkumathanso, pamenepo ndiye gwirani foniyo ikamakwana 8 koloko. China, nkhanizi sizitha msanga, One Piece inayamba 1997 mpaka pano mabuku anapitirira 100, ndiye asakunamizeni kuti amayi ndingomaliza kaye.

Ine ndikanati mupangane naye, akamaliza masamu ndi mapasti pepa, ola limodzi ndi lake, osamusokoneza. Ndipo tsiku lina mukusankha nyemba pakhondepo mumuuze akufotokozereni nkhaniyo kuyambira pachiyambi, mudzadabwa, mwana mumati ndi wofatsa uja adzalankhula mpaka nsima kupserera.

Munatinso kumbuyo kwa makope ake kwadzaza zojambula eti? Musamukalipire, mugulireni kope lina la padera la zimenezo. Mumuuze amalume akufuna aone, ajambule pafoni anditumizire. Pobwera pa Khrisimasi ndimutengera awiri atatu, ndiyamba ndawerenga ndekha. Batire yatsala pang'ono, mupereke moni kwa alamu.