Funsani Amisiri: IRQ ya hard disk ndi 5 kapena 14?

Funso: Ndimaphunzitsa makompyuta pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Katete. Pokonza phunziro la makompyuta akale, ndapeza buku lina likuti hard disk inkagwiritsa ntchito IRQ 5, lina likuti 14. Ana ndiwauze ziti? Mphunzitsi, Katete.

Yankho: Aphunzitsi, palibe buku lonama apa. Akukamba za makina a zaka zosiyana basi.

IRQ ndi odi wa chipangizo kwa purosesa. Purosesa imakhala pa kalikiliki ndi ntchito zina, ndiye disiki ikamaliza kuwerenga zomwe yatumidwa, imaodira pa waya wakewake wokhala ndi nambala. IBM PC ya 1981 inali ndi kachipu kamodzi ka Intel 8259, kolandira manambala 0 mpaka 7 okha: 0 ya wotchi, 1 ya kiyibodi, 6 ya floppy. PC/XT itatuluka mu 1983 ndi hard disk ya 10 MB, disikiyo anaipatsa 5.

Mu 1984 PC/AT inabwera ndi tichipu tiwiri, kachiwiri katalumikizidwa pa IRQ 2, manambala n'kufika pa 15. Hard disk inasamukira pa 14, ndipo 5 anaisiyira printa yachiwiri. Kenako chingwe chachiwiri cha IDE (chingwe cholumikizira madisiki), chomwe ambirife tinkamangako CD-ROM, chinatenga 15.

Koma 5 imeneyo inatitayitsa tulo amisirife kuno ku Chipata. Printa yachiwiri anali nayo ndani? Ndiye makhadi a mawu monga Sound Blaster ankakhala pomwepo, makhadi ena a netiweki nawonso pomwepo. Makhadi a ISA, mtundu wa makhadi osomeka m'kompyuta za nthawi imeneyo, sankagwirizana pa nambala imodzi. Munthu ankabwera atanyamula kompyuta pa kaliyala ya njinga, akuti disiki yafa, pomwe disiki ilibe mlandu: nyimbo ikangoyamba, makina gwa! Mankhwala ake anali kutsegula bokosi, kuzula jumper, kapulasitiki kakuda kovala mapini awiri, n'kukasunthira pa 7 kapena 10. Kakagwera pansi, mumagwada mpaka dzuwa kulowa. Plug and Play ya Windows 95, njira yoti kompyuta izigawa yokha manambalawa, ndiyo inayamba kutipumitsako, ngakhale nayo inkasokoneza nthawi zina.

Anawo musangowalembera manambala pa bolodi. Atsegulireni Device Manager ya mu Windows, musankhe View, kenako Resources by type. Pa malaputopu ambiri kiyibodi aipeza idakali pa 1, koma disiki ya masiku ano asavutike kuifuna pa 14.