LibreOffice ikusokoneza makalata anga, ndiikitse Office?

Funso: Ndinaika LibreOffice pa laputopu yanga chifukwa ndi yaulere. Koma ndikatumiza kalata yofunsira ntchito kwa munthu amene ali ndi Word, mizere imasokonekera, tsamba limodzi limasanduka awiri. Anzanga akuti zaulere sizipindula, bola ndipite kumsika akandiikire Office. Nditani?

Yankho: Pulogalamuyo ilibe mlandu, achimwene. Yambani mwaona font, kapena kuti mtundu wa zilembo, imene mukulembera. LibreOffice ikangoikidwa imalemba ndi Liberation Serif, imene makompyuta ambiri a Word alibe. Word ikaisowa imatenga ina m'malo mwake, ndipo nthawi zina mizere imasuntha. Lowani pa Tools, Options, LibreOffice Writer, Basic Fonts, muike Times New Roman kapena Arial.

Mukatero tsegulani kalatayo, mudine Ctrl ndi F10. Apa ndi pamene pamaululika zonse. Muona timadontho pakati pa mawu, kadontho kalikonse ndi space imodzi. Ngati adilesi munaikankhira kumanja pomenya space kambirimbiri, muona mzera wautali wa timadontho. Ngati munatsikira tsamba lachiwiri pomenya Enter mobwerezabwereza, muona zizindikiro za ¶ zitandandalikana mpaka pansi. Kalata yolembedwa chonchi imagwa ngakhale pa Word yogula ndi ndalama zambiri, ndipo anthu ambiri amatukwana pulogalamu pomwe vuto ndi zala zawo. Fufutani zonsezo. Adilesi ipite kumanja ndi Ctrl ndi R, tsamba latsopano liyambe ndi Ctrl ndi Enter.

Sungani ngati .docx, mtundu wa fayilo wa Word, osati .odt wa LibreOffice. Ya ntchito tumizani ya PDF, sisuntha.

Za kumsikazo musayerekeze. Office imene amaika ndi yakuba, amaitsegula ndi kapulogalamu ka KMS kamene chilolezo chake chimakhala masiku 180 n'kumadzikonzanso. Kuti kalowe amayamba azimitsa Microsoft Defender, pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavairasi, ndipo simudziwa chimene chalowa nako limodzi pa makina amene mumatsegulira imelo ndi akaunti yakubanki. Komanso amakonda kuika Office 2016 kapena 2019, zimene Microsoft inasiya kuzitumizira zotetezera pa 14 October 2025.

Office yeniyeni igulidwe ngati kuntchito mumalandira mafayilo a Excel okhala ndi macro (timapulogalamu tolembedwa m'kati mwa fayilo), kapena mumagwiritsa ntchito Access (pulogalamu ya Office yosungira deta), chifukwa pamenepo LibreOffice imalepheradi zina. Mukagule kwa Microsoft kapena kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo akupatseni lisiti.