Mwana wanga akufuna kuphunzitsa kompyuta kumvetsera makina

Mayi wina wafunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi wamaliza sekondale. Akuti akufuna ntchito yophunzitsa kompyuta kuzindikira makina a m'fakitale akayamba kulira mwachilendo. Kodi ntchito yotere ilipodi? Nanga aphunzire chiyani?"

Mayi, ntchitoyo ilipo, ndipo gwero lake ndi lakale. Makaniko wozolowera amagunditsa nsonga ya sikuludilaiva pa injini, chogwirira n'kuchitsamiza kukhutu, basi wamva kuti bearing, kachitsulo kothandiza kuti mbali za makina zizizungulira bwino, yatha. Mwana wanuyu akufuna kuti maikolofoni ndi kompyuta zizichita zomwezo usana ndi usiku.

Pagona nkhani ndi apa. Makina sawonongeka tsiku ndi tsiku, ndipo palibe mwini fakitale amene angalole kuti muwononge pampu yake dala n'cholinga choti mujambule kulira kwake. Ndiye nthawi zambiri kompyuta imaphunzira kulira kwa makina abwinobwino okha. Phokosolo amalisandutsa chithunzi chotchedwa spectrogram, ndipo pulogalamu ngati autoencoder imazolowera zithunzi zotere mpaka kumatha kuzijambulanso yokha. Ikakumana ndi phokoso loti yakanika kulijambulanso, imachenjeza. Koma nayo imapusitsika. Liwiro la makina likangosintha, kapena pambali pakabwera makina ena aphokoso, imakuwa popanda chaoneka. Zikachitika kangapo, ogwira ntchito amangoizimitsa, ndipo sindiwaimba mlandu.

N'chifukwa chake ine ndingamulangize kuti atenge uinjiniya wa makina, wa magetsi kapena mechatronics (yophatikiza makina, magetsi ndi kompyuta), kenako Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu) ndi machine learning (luso lophunzitsa kompyuta ndi zitsanzo) aziwonjezere pamwamba. Olemba mapulogalamu ndi ambiri, koma odziwa kusiyanitsa kulira kwa lamba wokhwefuka ndi kwa giya yobenthuka ndi owerengeka. Masamu asawathawe, makamaka statistics ndi Fourier transform, imene imagawa phokoso m'zidutswa zake.

Asadikire koleji kuti ayambe. Mu 2019 kampani ya Hitachi inatulutsa MIMII, nkhokwe ya phokoso la mapampu, mafani, mavalavu ndi njanji zotsetserekapo makina, chojambula chilichonse cha masekondi 10. Ili pa intaneti ndipo ndi yaulere. Kuyambira 2020, mpikisano wa DCASE, wophunzitsa kompyuta kuzindikira phokoso, uli ndi gawo la nkhani yomweyi, ndipo ochita nawo amalemba njira zimene agwiritsa ntchito. Awerenge, ayesere pa laputopu, asunge zimene wapanga, adzakhala ndi choonetsa pa intavyu.

Posaka ntchito asayang'ane mawu oti phokoso, sadzawapeza kwenikweni. Ayang'ane condition monitoring, predictive maintenance kapena reliability engineer, zomwe ndi ntchito zoyang'anira makina kuti vuto lidziwike asanawonongeke. M'mafakitale ambiri amadalirabe kwambiri kuyeza kunjenjemera kwa makina, choncho satifiketi ya luso limeneli ya ISO 18436-2, yomwe ili ndi magawo anayi, idzamuthandiza akadzayamba ntchito.

Tchuthi chikafika, mumupezere malo ku shopu ya amakaniko. Akavale ovolosi, manja ade ndi girisi, amve yekha mmene bearing yotha imalirira.